Kusoka chikopa: pamanja, pa makina a telala, kapena pa makina a zikopa enieni?

Munthu akangosoka kachikwama koyamba ka chikopa n'kuona kuti kakongola, funso lotsatira limakhala lakuti agule makina ati. Funsoli limabwera molawirira. Musanafike kwa wogulitsa makina, yezani kaye kukhuthala kwa chikopa chimene mumasoka, ndiponso onani ngati zinthu zanu n'zathyathyathya ngati lamba kapena n'zozungulira ngati chikwama ndi nsapato. Ziwirizi ndizo zimasankha chida. Dzina la kampani lolembedwa pamakina limabwera pambuyo.

Ogulitsa zikopa akunja amayeza kukhuthala ndi ounce, ndipo ounce imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Kachikwama ka ndalama ndi makadi kamafuna chikopa cha milimita 1 mpaka 1.4, pamene lamba wa m'chiuno amafuna cha mamilimita 3 mpaka 4. Koma singano siboola chikopa chimodzi chokha. Pamene pakumana matumba atatu a makadi, kapena pamene chogwirira chalowa m'chikwama, pamasanjikizana zikopa zitatu kapena zinayi. Malo amenewo ndiwo muyeze, chifukwa makina amakanira pomwepo.

Chikopa chakenso chimasiyana

Zikopa zofufutidwa zili m'magulu awiri akuluakulu. Pali chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, monga a mtengo wa wattle umene umalimidwa kwambiri ku KwaZulu-Natal ku South Africa ndi ku Njombe ku Tanzania. Chimenechi chimatenga masabata kuti chipse, chimakhala cholimba, chimamwa madzi n'kuda pamene mwadontheza, ndipo chimalola kudindidwa maluwa kapena kuumbidwa chikanyowa. Ndicho cha malamba, zikwama zoima zokha ndi zoikamo mipeni. China n'chofufutidwa ndi mankhwala a chrome, njira yofulumira imene inayamba kufala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Nsapato, majekete ndi mipando zambiri za masiku ano n'za chikopa chimenechi. N'chofewa, chimatamuka, ndipo mukachidula nthawi zambiri mkati mwake mumaoneka motuwa mopita kobiriwira.

Kusiyanaku kumakhudza kusoka. Cha makungwa chimabooleka bwino pamanja chifukwa chimaima nji, koma pamakina chimasunga chipsera chilichonse cha mano amene makina amakokera chosokedwa. Cha chrome chimavuta pamanja chifukwa chimapindikapindika, koma makina amachiyendetsa mosavuta.

Chikopa cha mbuzi kapena cha ng'ombe chongoyanika padzuwa, chonga cha pang'oma, si chofufutidwa. Chikanyowa chimafewa n'kuyamba fungo, chikauma chimakhala gwa. Musayesere nacho makina. Pophunzira, zikwama, majekete ndi majombo akale a pakaunjika amathandiza kwambiri. Ingotembenuzani muone kuseri: ngati kuli nsalu yomatidwa, nthawi zambiri ndi pulasitiki ameneyo.

Njira ziwiri zosokera pamanja

Osoka nsapato a m'misika amagwiritsa singano yokhala ndi kambedza kunsonga, nthawi zina yosula okha kuchokera ku sipoko ya njinga. Amaboola, amakola ulusi kuseri, amaukoka n'kupanga kagoba, ndipo nsonga ina ya ulusi amaipisa m'kagobako. Msoko wake ndi wofanana ndi wa makina: ulusi wina pamwamba, wina pansi, n'kukolana pakati pa chikopa. Ubwino wa singanoyi ndi wakuti imafika m'kati mwa nsapato mmene dzanja silingatembenuke. Posoka soli palibe inzake. Koma pa kachikwama imasiya mabowo aakulu, ndipo mzere wake suwongoka bwino ngakhale munthu atasamala.

Njira yachiwiri ndi ya singano ziwiri pa ulusi umodzi, imene osoka zishalo za akavalo akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale. Singano zake n'zobuntha, chifukwa mabowo mumaboolatu. Singano yakumanzere imalowa pabowo n'kutulukira kumanja, yakumanja imalowa pabowo lomwelo n'kutulukira kumanzere, kenako mumakoka mbali zonse ziwiri. Ulusi uliwonse umayenda uku ndi uku, ndiye ukaduka pamalo amodzi mnzake amagwirabe. Pa msoko wa makina ulusi umodzi ukaduka, mnzake alibenso pokola, ndipo misoko ingapo yoyandikana imamasuka. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti wochita ntchitoyi mongoikonda ayambire pano, ndipo ambiri sadzafunikanso china.

Zida zake n'zochepa. Mpeni wa malezala othyola ndi rula yachitsulo zikwanira podula. Musafune kudula kamodzi n'kamodzi, bwerezani kawiri kapena katatu mzere womwewo mpeni uli chilili. Pamafunika chojambulira mzere wotalikirana mofanana ndi m'mphepete, ndipo kampasi ya kusukulu ya nsonga ziwiri imagwira ntchitoyi. Pamafunika chogwirira chikopa kuti manja onse akhale omasuka: matabwa awiri omangidwa ndi bawuti, oima pa thabwa lina limene mumalikhalira. Kalipentala aliyense angakukhomereni. Kukamwa kwake matani tizikopa kuti matabwa asadinde ntchito yanu.

Poboola mpamene pali kusankha kwenikweni. Chobayira cha nsonga imodzi yokhala ngati daimondi chimapanga kabowo kopendekeka kamene kamatsekanso ulusi ukalowa, ndipo chimaboola ngakhale pokhuthala, koma chimafuna dzanja lozolowera kuti kuseri mzere usakhote. Chachiwiri ndi chitsulo chonga foloko, cha mano awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi, chimene mumachikhoma. Kwa woyamba kumene, chimenechi ndicho chabwino. Dzino loyamba mumaliika m'bowo lomaliza la ulendo wapita kuti mipata ifanane, cha mano ambiri poongoka, cha mano awiri pokhota. Chigwireni chilili, chifukwa chikapendekeka pang'ono pamwamba, kuseri chimatulukira patali. Khomani ndi nyundo yamtengo kapena yapulasitiki, pansi mutaika thabwa lapulasitiki lodulira nyama kukhitchini. Nyundo yachitsulo imaphwanya mutu wa chidacho, ndipo simenti imathyola mano. Ena amaboola ndi msomali kapena kachibowolero ka magetsi. Zimatheka, koma kachibowolero kamachotsa nyama ya chikopa, bowo silitsekanso, ndipo ulusi umasewera m'menemo.

Mipata ya mamilimita 3 mpaka 3.5 imayenda ndi ulusi wopaka phula wa mamilimita 0.6, pa tizikwama. Ya mamilimita 4 imayenda ndi wa 0.8, pa malamba ndi zikwama. Dulani ulusi wotalika kanayi kuposa msoko, muwonjezereko pang'ono ngati chikopa n'chokhuthala. Chinsinsi cha mzere wokongola n'chimodzi: singano imene mwayamba nayo muziyamba nayo pa bowo lililonse, ndipo yachiwiri izidutsa mbali yomweyo ya ulusi nthawi zonse, osaubaya. Mukasintha kamodzi, msoko umodzi umagona mosiyana ndi anzake, ndipo diso limathamangira pomwepo. Pomaliza bwererani mabowo awiri kapena atatu, dulani, muwotche kansonga ndi machesi ngati ulusi ndi wa poliyesita. Kenako menyani msoko pang'onopang'ono ndi nyundo yosalala kuti ugone.

Vuto la njirayi ndi nthawi. Lamba wa masentimita 110 wosokedwa mbali zonse ziwiri pa mipata ya mamilimita 4 ali ndi mabowo pafupifupi 550, ndipo lililonse mulowetsamo singano ziwiri. Ngati ndi wanu kapena wa mphatso, mukhala pakhonde n'kumasoka mukumvera wailesi. Ngati wina waitanitsa malamba makumi awiri, nkhani yasintha.

Makina akuda a telala

Makina a Singer akale a gulu la 15, ndi a Butterfly opangidwa motengera omwewo, ali paliponse, ndipo ndi achitsulo okhaokha. Kulemera kwawo kumanyenga anthu kuti ndi a zikopa. Anapangidwira nsalu. Amakoka chosokedwa ndi mano apansi okha, kaphazi kapamwamba kamangopondereza. Nsalu imatsetsereka pansi pa kaphaziko, koma chikopa chimamatirira, ndiye chapansi chimayenda chapamwamba chikutsalira. Misoko imafupika, ina imadumpha, ndipo pofika kumapeto mbali imodzi yatalika.

Sindikunena kuti sangasoke konse. Chikopa chofewa cha jekete, zigawo ziwiri zosapitirira mamilimita 2 kapena 3 zonse pamodzi, amachisoka ndithu mukawathandiza. Ikani singano ya zikopa ya 100/16 kapena 110/18, imene nsonga yake imacheka m'malo mongobaya. Sinthani kaphazi muike ka pulasitiki woterera wotchedwa teflon kapena kokhala ndi timagudumu, ndipo ngati mulibe, yalani pepala lopyapyala pamwamba, mudzaling'ambe pambuyo. Talikitsani msoko ufike mamilimita 3 kapena 4, chifukwa mabowo othithikana amadula chikopa ngati pong'ambira lisiti. Mapini ayi, bowo la pachikopa silifafanizika. Gwirizitsani ndi tizopanira ta mapepala kapena guluu pang'ono. Pokhuthala zungulizani gudumu ndi dzanja.

Malire awo ndi ulusi. Sanyamula wokhuthala kuposa wa nambala 69, umene ena amaulemba T70, ndipo pa lamba ulusi umenewu umaoneka wowonda. Kuwakakamiza chikopa cha makungwa tsiku ndi tsiku kuli ngati kusenzetsa wa kabaza matumba a simenti: afika, koma maulendo angati? Ngati makinawa alipo kale pakhomo, agwiritseni ntchito pa nsalu ya m'kati mwa chikwama ndi pa zipi. Kugula atsopano n'cholinga cha zikopa ndi kutaya ndalama. Apulasitiki amakono olembedwa heavy duty nawonso ali m'gulu lomweli, kakokedwe kawo n'komweko.

Makina a osoka nsapato

Awa ndi aja a mkono wautali woonda, odziwika kwambiri ndi Singer 29K. Chilembo K chimasonyeza kuti anapangidwa ku fakitale ya Kilbowie ku Clydebank, ku Scotland. Luso lawo ndi lakuti kaphazi ndiko kamakoka chikopa, ndipo kamatembenuka mbali iliyonse. Mutha kulowetsa mkonowo m'kati mwa jombo kapena m'thumba la chikwama n'kusoka chigamba mozungulira osatembenuza chinthucho. Safuna magetsi, amayenda ndi dzanja kapena ndi phazi.

Koma ndi makina okonzera zinthu, si opangira zatsopano. Bobini yake ndi kakang'ono, ulusi umatha msanga. Mano a kaphazi amasiya zipsera pamwamba, makamaka pa chikopa cha makungwa. Akakalamba msoko umafupika, ndipo chikopa chikakhuthala umafupikiratu. Kupitirira mamilimita 6 amavutika. Kuwongola mzere wautali pa kamkono koondako ndi ntchito. Palinso otchipa a ku China, opukusa ndi dzanja, oima pa miyendo itatu. Amabwera okhakhala, ofuna kupalidwa, kuthiridwa mafuta ndi kukhomeredwa pa thabwa lolemera asanayambe kumvera. Amene amakonda kukonza makina amasangalala nawo, koma amene akufuna kungosoka amatopa nawo. Ngati mumalandira nsapato ndi zikwama zong'ambika, gulani a mtundu umenewu. Ngati maloto anu ndi tizikwama ta mizere yowongoka, adutseni.

Msampha wa mawu akuti indasitiriyo

Pano mpamene ndalama zambiri zimatayikira. Makina a tebulo lalikulu ndi mota pansi si onse a zikopa. Juki DDL-8700 ndi ena ofanana nawo, amene ali m'mashopu ambiri a matelala, anapangidwira malaya ndi mathalauza. Amatha kubaya ka 5,500 pa mphindi, koma amakoka ndi mano apansi okha ngati akuda aja. Pa chikopa liwiro limenelo ndi mdani: singano imatentha, ulusi umaduka, ndipo mukangoponda mwadutsa kale pokhotera. Wogulitsa akakuuzani kuti amasoka chilichonse, mufunseni mmene amakokera.

Amene mukufuna ndi a walking foot, makamaka amene singano, kaphazi ka m'kati ndi mano apansi zimayendera limodzi. Singano ikalowa, imasuntha pamodzi ndi chikopa ili m'kati momwemo, ndiye zigawo sizingasiyane. Kenako kaphazi kakunja kamatsika n'kugwira, pamene singano ndi kaphazi ka m'kati zikunyamuka kubwerera kutsogolo. Mukawayang'ana m'mbali amaoneka ngati akuponda mosinthanitsa mapazi, ndipo amakwera pokhuthala osadodoma. M'gulu limeneli muli Singer 111W155 wakale, Juki LU-563 ndi DNU-1541, Consew 206RB ndi Pfaff 1245. Ambiri amasoka mpaka mamilimita 8 kapena 9, ndi ulusi wa nambala 69, 92 mpaka 138. Okonza masofa ndi mipando ya galimoto amagwiritsa ntchito amenewa.

Apa pali kusankha kwina: a tebulo lathyathyathya kapena a mkono wozungulira. A tebulo ndi abwino pa malamba, makushoni ndi zigawo zazikulu zogona. Koma yesani kusoka m'mbali mwa chikwama cholimba chimene chaima kale, muona kuti tebulo likukutchingani. A mkono wozungulira, monga Pfaff 335, Adler 69 ndi Juki LS-341, amalola chikwama kulendewera n'kumazungulira mkonowo. Ndipo mutha kuwakhomera kathabwa kuti akhale ngati a tebulo, pamene a tebulo simungawasandutse a mkono. Kwa wopanga zikwama amene angakwanitse makina amodzi okha, ine ndingasankhe a mkono, ngakhale mtengo wake umakhala wokwererapo.

Pamwamba pa onsewa pali akuluakulu monga Juki TSC-441 ndi Adler 205, osoka zishalo ndi zomangira akavalo zopitirira mamilimita 15. Pa kachikwama kopyapyala savomera bwino, ndipo wochita zongokonda sawafuna kawirikawiri.

Mota, singano ndi ulusi

Makina akale ambiri amabwera ndi mota ya kilatchi, imene imangolira nthawi yonse mukayatsa, ndipo mukaponda imathamanga mwadzidzidzi. Telala wozolowera amaiweta, koma pa chikopa mumafuna kubaya kamodzi, kuima, kutembenuza, kubayanso. Mota ya servo imalola zimenezi. Imayenda pokhapokha mwaponda, liwiro mumalichepetsa pa batani, ndipo imadya magetsi ochepa. Kuika kagudumu kakang'ono koyendetsa lamba pa mota, kapena magudumu ochepetsa liwiro pakati pa mota ndi makina, kumawonjezeranso mphamvu yoboola. Ngati ndalama zili zochepa, kuli bwino makina akale abwino ndi servo yatsopano kusiyana ndi makina onyezimira a mota yosaweteka. Kumene magetsi amazimazima, kumbukirani kuti makina olemerawa kuwazunguliza ndi dzanja msoko wonse n'kotopetsa.

Singano zili ndi mitundu, ndipo ya makina ena silowa mwa ena. Akuda a pakhomo amadya 130/705H. A walking foot ambiri, monga Juki, Consew ndi Singer tatchula aja, amadya 135x17 ya nsonga yozungulira pa nsalu ndi 135x16 yocheka pa chikopa, koma a Pfaff ndi Adler ambiri ali ndi mtundu wawo, choncho funsani musanagule. Ulusi wa 69 umayenda ndi singano ya 110/18, wa 92 ndi ya 125/20, wa 138 ndi ya 140/22 kapena 160/23. Singano ikachepa ulusi umanyotsoka n'kuduka, ikakula bowo limaoneka ndipo mfundo imatulukira pamwamba. Mfundoyo iyenera kubisala pakati pa chikopa. Ikaonekera pansi mangitsani ulusi wapamwamba, ikaonekera pamwamba umasuleni pang'ono. Ulusi wopaka phula wosokera pamanja musauike m'makina, phulalo limatseka njira zonse.

Kaya musoka pamanja kaya pamakina, matani kaye m'mphepete ndi guluu wa nsapato. Pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri, dikirani mpaka asiye kumata chala, kenako phatikizani ndi kumenya. Mbali yosalala ya chikopa ipaleni kaye ndi sandipepala, apo ayi guluu sagwira. Chitirani panja kapena pazenera, fungo lake limapweteka mutu. M'mphepete mwa chikopa cha makungwa mumasalala mukapala, kunyowetsa pang'ono ndi kukhutiza ndi kansalu kokhakhala kapena kamtengo kosalala, pomaliza phula la njuchi. Cha chrome sichimva zimenezo, chimafuna kupinda kapena utoto wa m'mphepete.

Musanatulutse ndalama

Pali njira ina imene anthu saiganizira: kusagula makina konse. Dulani ndi kumata kwanu, sokani pamanja malo ooneka, ndipo misoko yaitali mupite nayo kwa wokonza mipando ya galimoto akakuyendetsereni pa kandalama kochepa. Mukatero muonanso ndi maso anu mmene makina a walking foot amachitira ndi chikopa chanu, komanso mudziwa mekaniki amene amawakonzera. Zimenezi n'zofunika, chifukwa makina amene kwanuko palibe wowadziwa, kapena amene singano ndi bobini zake n'zoitanitsa ku Johannesburg nthawi iliyonse, adzangokhala atafunditsidwa chitenje.

Mukatsimikiza zogula, makamaka ogwiritsidwa kale ntchito, tengani zidutswa za chikopa chanu ndi ulusi wanu. Musavomere kuyesera pa kachidutswa ka wogulitsa, nthawi zambiri kamakhala kofewa. Sanjikizani monga mmene pamakhalira pokhuthala kwambiri pa chikwama chanu. Musoke nokha, pang'onopang'ono, kuchoka popyapyala kukwera pokhuthala, muone ngati msoko ukufupika kapena kudumpha. Yesani kubwerera m'mbuyo muone ngati singano ikulowa m'mabowo omwewo, podziwa kuti ena akale, monga Singer 111W155, alibe chobwezera m'mbuyo. Gwedezani chitsulo chogwira singano mumve ngati chikusewera. Tsegulani pa bobini muyang'ane nsonga ya kambedza kokola ulusi, isakhale yobuntha kapena yobenthuka. Kenako tembenuzani chikopa muone kuseri: mfundo zisaonekere, ndipo zipsera za mano zikhale zoti mungazisalaze ndi kumbuyo kwa supuni.